Foni Yokandika ya Amake Luse

Kwa zaka khumi ndi zinayi, Dyness ankadzuka kusanayere bwino n'kukwera minibasi kuchoka ku Chawama, komboni ya ku Lusaka, kupita m'tauni, kumene ankagwira ntchito m'sitolo ina yopima maso ndi kugulitsa magalasi. Pa kalata yake ya ntchito panalembedwa kuti ndi wokolopa, ndipo m'komboni ankamudziwa chimodzimodzi. Azimayi anzake a kutchalitchi akayamba kutchula ntchito za anthu, kuti uje ndi nesi, uje ali ndi tebulo la salaula, zovala za kaunjika, kumsika, akafika pa iye ankangoti, "Ba Dyness basebenza mu tauni," n'kupita msanga pa wina, ngati munthu wolumpha matope.

Dyness anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, mdzukulu wa bambo wina amene anachoka ku Dedza kalekale kudzafuna ntchito ku Lusaka, osabwereranso. Mwamuna wake, Nkole, anali wowotcherera zitseko ndi mawindo achitsulo, ndipo ngakhale iyeyo sankadziwa bwinobwino zimene mkazi wake ankachita m'sitolomo akamaliza kukolopa. Pansi pakauma, Dyness ankasamba m'manja kawiri n'kuyamba kupukuta magalasi onse a pa mashelefu, limodzilimodzi, mazana angapo. Amene anamuphunzitsa anali ba Abraham, mkulu wodula magalasi m'chipinda chakumbuyo. Sabata yake yoyamba anamupeza akupukuta galasi ndi nsonga ya epuloni, n'kumugwira dzanja.

"Mayi, galasi si mbale," anatero mkuluyo. "Pa epuloni yanu pali mchenga wamene simuuona. Mukapukuta nayo mulemba pa galasi, ndipo vamene mwalemba sivifufutika."

Mawu amenewo anamukhala. Anaphunzira kuuzira kaye asanapukute, kuzindikira nsalu yoyenera poigwira, ndi kudziwa ndi chikhadabo ngati mzere uli pamwamba chabe kapena walowa. Pofika chaka chachitatu, munthu akabwera ndi magalasi ochita chifunga, ba Abraham ankangoloza ndi chibwano kuti apatseni mayiwo.

Pa puloti yomwe Dyness ankachita lendi panali mabanja asanu, mpopi umodzi ndi bafa imodzi kumbuyo. Khomo loyang'anizana ndi lake linali la Namukolo, telala, amene aliyense ankamuitana kuti amake Luse, ngakhale kuti mwini wake sankamva kuitanako. Anasiya kumva ali mwana wamng'ono atadwala kwambiri kwawo ku Mongu. Mwamuna wake anamwalira kale, n'kumusiyira mwana mmodzi, Luse. Mwanayo ankamva bwinobwino, koma anayamba kulankhula ndi manja asanayambe kulankhula ndi pakamwa. Atakula anakwatiwa ku Chingola ndi mnyamata wina wa kumigodi, Chitalu, ndipo pochoka anasiyira mayi ake foni yaikulu yotsetsereza ndi chala.

Kwa ena foni ndi yoonerapo zoseketsa, koma kwa Namukolo inali khutu ndi pakamwa. Kulemba ndi kuwerenga ankatha pang'onopang'ono, movutikira. Chinenero chake chenicheni chinali chamanja. Akamaliza kusoka ankatsamiritsa foniyo pa makina, Luse n'kuonekera, manja a awiriwo n'kuyamba kuuluka. Dyness ankawaona pawindo akamaanula zovala. Iye ndi Namukolo anakhala moyandikana zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankamvana pa zinthu zing'onozing'ono: mchere, madzi abwera, mvula ikudza, zikomo. Zikavuta, Namukolo ankalemba liwu limodzi kapena awiri pa tebulo ndi choko chake cha utelala. Kupitirira apo panali mpanda.

Vuto linali lakuti Namukolo ankasunga foniyo m'thumba la epuloni, momwe munkakhalanso sizasi yaing'ono, makiyi ndi mapini. Patatha chaka ndi theka, nkhope ya foni inali itadzaza timizere ngati tebulo la wogulitsa nyama.

Linali Loweruka m'mwezi wa Ogasiti, mphepo ija yonyamula fumbi ndi majumbo ikuzungulira m'njira zonse za Chawama. Dyness anaweruka masana, n'kufika panyumba cha m'ma 2 koloko, mano akuchita mchenga. Atalowa pageti anapeza anthu ataunjikana pakhomo pa Namukolo. Pakati panaima Mike, wometa tsitsi amene anali ndi kashopu kumsewu, bambo wa zaka makumi atatu wokonda kudziwa chilichonse. M'dzanja limodzi munali foni, m'dzanja lina kathaulo. Namukolo anali atakhala pa sitepe, manja ali pamiyendo osagwedezeka. Dyness anali asanawaonepo manja amenewo atangokhala chete.

"Kwachitika chani?" anafunsa Dyness.

Anamuyankha ndi amake Mwansa, mayi wa chipinda chapakona. M'mawa umenewo Chitalu anatumiza uthenga woti Luse wabereka mwana wamkazi, onse ali bwino, ndipo adzaimba pa vidiyo 4 koloko, nthawi yoona odwala. Namukolo anathamanga khomo ndi khomo kuonetsa uthengawo akuvina. Kenako anayang'ana foni yake n'kuona kuti kudzera m'timizere tonsetija sadzaiona bwino nkhope ya mdzukulu wake woyamba. Anapita kwa Mike, poti ndiye ankathandiza anthu kulowetsa nyimbo m'mafoni. Mike anati zimenezo n'zazing'ono, anaona pa intaneti. Anapaka mankhwala otsukira mano, n'kuwaza soda, n'kukhula ndi thaulo la kometera. Ataona kuti payera ngati chifunga, anapoperapo sipiriti womwe amapaka anthu m'mutu akawameta.

"Sikirini yenze yakufa kudala," anatero Mike mokweza, kuti onse amve. "Ine nayesa chabe kuthandiza. Manje ifunika yatsopano, mu tauni, pa Mande."

Dyness anaika chikwama pansi. "Nioneko."

"Ba Dyness, ivi ni va ma foni," anatero Mike akumwetulira. "Si va mopu."

Wina anaseka pang'ono, kenako n'kudzigwira. Dyness anamva kutentha m'makutu, koma dzanja lake silinabwerere. Mike anamupatsa foniyo monga munthu wotula katundu wolemera. Asanaiyang'ane n'komwe, Namukolo anadzuka n'kumulanda, n'kuipanikiza pachifuwa. Anapukusa mutu mwamphamvu. Munthu mmodzi anali ataiwononga kale, ndipo sanafune wachiwiri.

Dyness sanalimbane naye. Analowa m'nyumba mwake, nasamba m'manja ndi sopo, natsegula kachitini kamene ankasungamo tinsalu tofewa topukutira magalasi ndi kabotolo ka madzi ake. Atatuluka analoza magalasi omwe Namukolo ankavala posoka, amene ankalendewera pakhosi pa kachingwe. Namukolo anazengereza, kenako n'kuwavula. Anali onona ndi mafuta a makina ndi zala. Dyness anawauzira, nadontheza madzi pa kansalu, napukuta mofatsa kuchokera pakati kupita m'mbali, n'kumaliza ndi mbali youma. Anawakweza kudzuwa, nawabweza.

Namukolo anawavala. Anayang'ana dzanja lake, nayang'ana khoma, nayang'ana Dyness kwa nthawi yaitali ndithu. Kenako anatambasula dzanja n'kumupatsa foni.

Choyamba chimene Dyness anafuna chinali kuizimitsa, chifukwa sipiriti ndi mankhwala aja anali atalowa m'mphepete. Apa panabukanso nkhondo. Namukolo analoza dzuwa, naonetsa zala zinayi. Dyness anatenga choko n'kulemba pa sitepe: 3:30. Analoza foni, nadziloza pachifuwa. Anali kulonjeza chinthu chimene sanali kudziwa ngati adzachikwanitsa, komabe anaizimitsa, nkhope ya foni n'kuda.

Anakhala pa mpando waufupi, nayala kansalu koyera pamiyendo, navula foniyo chikopa chake cha labala. M'kati mwa chikopamo munagwa mchenga, tizidutswa ta ulusi ndi kapini kamodzi kopindika. Anauzira foni yonse, napukuta zoyera zimene zinaumira m'mbali. Chifunga chija sichinasunthe. Anapendeketsa foniyo kudzuwa, uku ndi uku, nayendetsa chikhadabo pang'onopang'ono m'mphepete momwe chikopa chinkabisa. Chikhadabocho chinakodwa pa kanthu. Anabwereza. Chinakodwanso pamalo omwewo, ndipo mzere wake unazungulira foni yonse.

Dyness anapuma mpweya wautali. Anagogoda pakati pa foni ndi chikhadabo, ndipo kamvekedwe kake sikanali ka galasi.

"Apa pali pulotekita," anatero. "Ka pulasitiki. Luse anaikapo asanapatse amake."

"Palibe," anatero Mike. "Nayang'ana bwino bwino. Iyo ni sikirini yeniyeni. Mukasenda apo, mwapaya foni."

"Ba Dyness, muli shuwa?" anafunsa amake Mwansa. "Osati tilire kawiri."

Kunena zoona, Dyness anali asanasendepo foni chibadwire. Yake inali ya mabatani. Koma zala zake zinali zitagwira galasi tsiku lililonse kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo zinkamuuza kuti chimene akugwirachi si galasi. Anapempha ulusi kwa Namukolo, wolimba uja wosokera majini. Anaulowetsa pansi pa kona, naukoka pang'ono uku ndi uku ngati wodula sopo. Kona inadzuka. Mike anagwira mutu ndi manja awiri. Amake Mwansa anayang'ana kumbali.

Kapepalako kanasendeka mwakachetechete, kathunthu, n'kukhala lende m'zala za Dyness, koyera mbuu, kodzaza mizere mpaka pomwe kanaphimba kamera. Pansi pake panali galasi lakuda bii, losalala, lonyezimira ngati madzi a m'chitsime. Mitambo ndi waya woyanikapo zovala zinaonekeramo.

"Yaba!" anafuula amake Mwansa, n'kuomba m'manja.

Namukolo anagwada pafupi, nabweretsa nkhope yake mpaka anadziona m'galasimo. Anagwira mkono wa Dyness n'kuufinya mpaka kuwawa.

Dyness sanafulumire kusangalala. Anapendeketsanso foni ndipo anauona: mzere umodzi, wautali ngati njere ya mpunga, pamwamba pomwe kapepala kaja kanasiya mpata. Pini inali italowa pamenepo. Anayendetsa chikhadabo ndipo chinakodwa. Anamuonetsa Namukolo, napukusa mutu, natambasula manja kusonyeza kuti umenewo ndi wokhalitsa.

"Ako kang'ono tingakachose," anatero Mike, amene tsopano anali atasendera pafupi, mawu atatsika. "Tikapaka pang'ono chabe..."

"Mike," anatero Dyness, osakweza mawu, "mzere ni dzenje. Sungachose dzenje. Ukakhula, udya galasi yonse yozungulira kuti ilingane na dzenje. Ndiye chifunga chamene wapanga apa." Anakweza kapepala kaja. "Mwayi wako ni wakuti wadya pulasitiki. Pa galasi pali mafuta yake yamene yachititsa chala kutsetsereka. Ukayachosa, siyabwerera. Aka tikasiya. Sikali pa kamera, sikazasokoneza."

Mike anakanda kumutu. Sanali munthu woipa, anali wothamanga chabe, ndipo manyazi anali atamugwira.

"Manje nichite chani?" anafunsa.

Dyness anamupatsa kapepalako. "Thamanga ku maketi. Ugule ya galasi, yolingana na aka ndendende. Uyeze pamwamba, osati kungomvera vamene bazakuuza."

Mike anatuluka pageti akuthamanga, shopu yake ataisiya yotsegula.

Podikira, Dyness anagwira ntchito imene palibe anaiona kukoma kwake koma iye yekha. Anatenga kamtengo kotokosera m'mano, nakulunga thonje kunsonga, nachotsa mankhwala ouma m'timabowo ta sipika, kamodzikamodzi, foni ataizondotsa kuti zinyalala zigwere pansi. Anatsuka chikopa cha labala pampopi n'kuchiyanika m'nyumba. Kenako anadontheza madzi ake pa kansalu, osati pa foni, napukuta galasi lonse mopepuka, osakanikiza. Ana a papuloti atafuna kugwira, amake Mwansa anawathamangitsa ndi chitenje.

Nthawi ya pa sitepe ija inakwana Mike asanabwere. Namukolo anayang'ana wotchi ya pakhoma m'nyumba mwake, nabwera kudzaloza manambala a choko aja. Dyness anamugwira phewa. Akanatha kuyatsa foni ili yosavala, koma anadziwa kuti chisangalalo chikabwera, foniyo idzabwerera m'thumba la mapini tsiku lomwelo. Anaganiza zodikirako pang'ono.

Mike anafika kutatsala mphindi khumi ndi zisanu, thukuta lili chuchuchu. Anali atazungulira matebulo anayi asanapeze yolingana. Analowa onse m'nyumba mwa Namukolo, koma Dyness atangoyang'ana kuwala kolowera pawindo anaona tiulusi ndi fumbi zikuvina m'mwamba. M'nyumba ya telala mpweya umakhala ndi nsalu. Panja napo mphepo inali itakula. Anapukuta foni, ndipo asanatembenuke n'komwe, tinthu titatu tinali titateraponso.

"Ikani chabe, nthawi yasila," anatero Mike.

"Fumbi imodzi ikatsekeredwa mkati, izakhala mwamene umo mpaka kale," anayankha Dyness. Anaima kaye n'kuganiza. M'chipinda cha ba Abraham ankakolopa kawiri pa tsiku ndi madzi ambiri, osati chifukwa cha litsiro, koma kuti fumbi ligone. "Amake Mwansa, muli na manzi yakupya?"

Amake Mwansa anali ndi mphika wa madzi osamba pa mbaula. Dyness anaunyamula kupita nawo ku bafa kumbuyo, nawaza madzi otenthawo pansi ndi m'makoma onse. Ananyowetsa chitenje n'kuchipachika pakhomo, nalowetsa kampando ndi thireyi. Anadikira kuti nthunzi ichepe, kuti isanyowetse foni. Anthu a papuloti anaima panja pa bafa, akuyang'anizana, osadziwa ngati aseke kapena apemphere.

Analowa awiri, Dyness ndi Namukolo. Munali mothina, mofunda, monunkhira sopo. Kuwala kunkalowera pampata wa pakati pa khoma ndi malata, ndipo m'kuwalamo munalibe kanthu kovina. Dyness anagwada, napukuta komaliza, nasenda pepala la kunsi kwa galasi latsopano. Analigwira m'mbali ndi zala ziwiri, nalilinganiza ndi kamera, nalitsitsa. Anakhudza pakati ndi chala chimodzi. Galasi linayamba kudzimata lokha, mdima ukufalikira kuchokera pakati kupita kumakona.

Kunsi kumanzere kunatsala kathovu. Pakati pake panali kaulusi kofiira, kochokera pa malaya a Namukolo.

Kunja Mike anafuula, "Ba Dyness, 4 koloko yakwana!"

Namukolo sanamve, koma anaona nkhope ya Dyness ikusintha. Analoza foni, nagwedeza dzanja kuti zisiyeni choncho. Dyness anayang'ana kathovuko. Kanali pamalo pomwe manja a munthu amaonekera akamalankhula pa vidiyo. Anakweza chala chimodzi kupempha kamphindi. M'bokosi la galasilo munali timapepala tomata. Anamata kamodzi pakona n'kudzutsa galasi pang'ono, nalowetsa kena kunsi, nakhudza kaulusi kaja. Koyamba kanakana. Anayesanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kachiwiri kaulusiko kanatuluka katamatirira. Anatsitsa kona, nasisita ndi kansalu, ndipo thovu linathawira m'mphepete n'kuzimirira.

Anatuluka m'bafamo mawondo atanyowa. Dyness anapatsa Namukolo foni kuti ayatse yekha. Inatenga nthawi yake, monga zimachitira zinthu ukazifulumirira. Itayaka, panaoneka kuti Chitalu anali ataimba kawiri. Nthawi inali itapitirira ndi mphindi khumi ndi ziwiri.

Namukolo anayang'ana Dyness, ndipo Dyness anafuna nthaka itseguke. Anali atasankha yekha kudikira, ndipo ngati anthu a ku Chingola atulutsidwa m'wodi, mlandu unali wake. Namukolo anathamangira m'nyumba, natsamiritsa foni pa makina, nakhudza dzina la mwana wake. Chala chinatsetsereka bwinobwino. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu, kanayi.

Kenako Luse anaonekera, atatsamira pilo, tsitsi lili nyankhalala, maso otopa koma akuseka. Chitalu ndiye anagwira foni kuti manja a mkazi wake akhale omasuka. Manja a Namukolo anadzuka. Anafunsa, Luse anayankha, anafunsanso, ndipo chala chilichonse cha Luse chinkaoneka pachokha, mpaka kabandeji ka pa dzanja pomwe analowetsa diripi. Luse anaima mwadzidzidzi, nasendeza nkhope pafupi.

"Ah ah! Mwagula foni ina?" analankhula ndi pakamwa ndi manja pamodzi, poona kuti kumbuyo kwa mayi ake kwadzaza anthu. "Lelo nibaona bwino amai! Miyezi yonse iyi nenze kubaona monga bali mu utsi. Nenze kuganiza ati ni netiweki!"

Anthu anaseka, koma Namukolo analibe nazo nthawi. Anapinda mikono ngati wonyamula mwana, nagwedeza mwamphamvu. Foni ya ku Chingola inatembenuka, inadutsa denga ndi chitsulo cha bedi, n'kuima pa kankhope kofiirira kokulungidwa m'shawelo yoyera. Mwanayo anali m'tulo. Tsitsi linali lambiri, lonyowa, litagona pamphumi. Anakwinya nkhope, nayasamula, kakamwa kakang'ono kopanda dzino kali poyera.

Namukolo anatulutsa mawu amene Dyness anali asanawamvepo, kuseka kosakanikirana ndi kulira, kochokera pansi pa chifuwa. Analoza khutu la mwanayo, nadzigwira khutu lake, nalozanso chithunzi cha malemu mwamuna wake pakhoma. Khutu la khandalo linali lopindika pamwamba ngati la agogo ake aamuna, ndipo kupindikako kunkaoneka bwinobwino. Amake Mwansa anaimba nthungululu mpaka a pa puloti yoyandikana anasuzumira pampanda.

Dyness anali ataima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kachitini kake kali m'manja. Ankayang'ana mwana, komanso ankayang'ana galasi. Panalibe thovu, panalibe fumbi. Kamzere kaja kanali pamwamba pakona, ndipo palibe anakaona. Anamva chinthu chikukwera m'chifuwa mwake, chofunda, chimene sanachimvepo ngakhale tsiku limene abwana anamupatsa satifiketi ya zaka khumi.

Ankati azituluka mwakachetechete pamene Namukolo anatembenuka, namugwira dzanja, namukokera patsogolo pa foni. Anamukhazika pa mpando wake wosokera. Kenako anayamba kulankhula ndi manja, mwachangu, kwa nthawi yaitali, akuloza bafa, akuloza magalasi ake, akuloza Mike. Luse ankaseka, kenako anasiya kuseka.

"Ba Dyness," anatero Luse, "amai bakuti nikuuzeni vonse, nisasiyeko. Bakuti zaka sikisi bakhala bakuonani. Bakuti mukayanika vovala, mumayamba mwapukuta waya. Mukabweza mbale ya munthu, imabwera yoyera kupambana mwamene inayendera. Bakuti benze kufuna kukuuzani kudala kuti manja yanu ni ya nzeru, koma choko siikwana."

Dyness anayang'ana pansi. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mnansi wakeyo amamudziwa ngati mayi wobwereka mchere basi.

Namukolo anamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope kuti aone. Anatambasula chikhatho chakumanzere, nazunguliza zala ziwiri zakumanja pamwamba pake kamodzi, mofatsa, kenako anazikweza mpaka pa diso n'kuzitsegula. Anabwereza, naloza Dyness.

"Iyo ni zina yanu," anatero Luse. "Kwa anthu osamva, munthu sazisankhira zina ya manja. Bamakupatsa beve, bakakuziba bwino. Kuyambira lelo, amai bakakamba za imwe kuli banzawo ku tchalitchi, bazachita so. Onse bazaziba ni ndani."

"Nanga ine?" anafunsa Mike ali pakhomo. "Nathamanga maketi yonse!"

Luse anamasulira. Namukolo anamuyang'ana Mike kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nakweza chala chimodzi, nachiyendetsa uku ndi uku patsogolo pa mano. Nyumba yonse inagwa ndi phwete, ndipo Mike anaseka nawo, atabisa nkhope m'kathaulo kake.

Nesi wa ku Chingola atayamba kutulutsa alendo, Luse ndi mayi ake anatsanzikana. Dyness anabweza foni m'chikopa chake chouma, napatsa Namukolo kansalu kamodzi mwa tinsalu take. Analoza thumba la epuloni, napukusa mutu. Namukolo anavomera, natenga kachidutswa ka nsalu yofewa, nakhala pa makina. Pasanathe mphindi khumi anali atasoka kathumba ka foni yokha, ka chingwe chopachika pakhosi.

Dzuwa lisanalowe, Dyness anali atapukuta mafoni ena anayi a papuloti. Ya amake Mwansa anaiuza zoona kuti mizere yake ili pa galasi lenileni ndipo sidzachoka, koma galasi lotetezera lidzaibisako ndi kuletsa ina. Amake Mwansa anangoti, "Mwamene mwakambira, ba Dyness," osatsutsa.

Nkole anafika madzulo atanyamula chipewa chake chowotcherera, nkhope ili bii ndi utsi. Asanafike n'komwe pakhomo, anthu atatu anali atamuuza kale nkhaniyo, aliyense mwa njira yake. Anakhala pa sitepe n'kuvula nsapato.

"Nimvera ati wankhala dokota wa ma foni," anatero.

"Nili na zina yatsopano," anayankha Dyness.

"Zina bwanji?"

Dyness anaika beseni pansi, napukuta manja pa chitenje, naima mowongoka. Anatambasula chikhatho, nazunguliza zala ziwiri, nazikweza pa diso n'kuzitsegula. Nkole anayesa, ndi zala zake zokhakhala zodzaza zipsera za moto, koma anazunguliza mwamphamvu ngati akupala dzimbiri pa chitsulo.

"Osati so. Pang'ono pang'ono, osakanikiza."

Anayesanso, nalakwitsa dzanja. Dyness anakhala pambali pake, namugwira zala, naziyendetsa yekha pa chikhathocho mpaka mwamunayo anakhoza. Kutsidya kwa bwalo, Namukolo anali pawindo akuwaonerera, ndipo anagwedeza mutu kuvomereza.